Mtendere Umene Unatha Nkhwangwa

M'chigwa china cha anthu a mtundu wa Acheroki, chimene alembi anaiwala kulemba dzina lake, munagwa mtendere wochuluka moti eni dziko anayamba kusowa polima.

Mwambo wa kumeneko unali wakuti nkhondo ikatha, ankakumba dzenje pamalire n'kukwiriramo nkhwangwa. Atsamunda obwera pangolo anaukonda mwambowu koopsa, makamaka a Kaputeni Ledbetter, Mkulu Woyang'anira Mtendere Wosatha ndi Zina Zotero. Dothi likamatsikira m'dzenje ankachita kugwetsa misozi. M'mawa mwake anthu a Kaputeniwo ankafukula nkhwangwayo, poti chitsulo chabwino sichiyenera kuchita dzimbiri, n'kugwetsera mitengo ya mbali ya eni dziko. Mkangano unkabuka, nyumba zingapo n'kupsa, ndipo a Kaputeni ankaitanitsa mtendere wina pamalire atsopano, pomwe pathera zitsa. Nkhwangwa inkachokera kwa eni mwambo, nanga mwambo ndi wa yani?

Mayi Salali, wamasiye wolima chimanga, mitendereyi inkawaopsa kuposa mfuti. Woyamba unadya nkhalango, wachitatu unamwa kasupe. Wachisanu ndi chimodzi unameza nkhwangwa ya malemu amuna awo, yomalizira m'mudzimo, n'kudzaima m'mphepete mwa munda wawo, momwe munalinso manda a mwana wawo. Akuti mlendo ndi mame, koma mame awa anali atamanga kale khola.

Dzenje lachisanu ndi chiwiri analikumba pakati pa chimanga chenicheni. A Kaputeni anavula chipewa.

"Mayi, bweretsani nkhwangwa tikwirire chidani."

"Zinatha, bwana. Iyo ili paphewa pa mlamu wanuyo ndi ya amuna anga. Tibwerekeni tikwirire."

"Ayi, mayi. Chimenecho ndi chipangizo cha chitukuko. Ife chitukuko sitikwirira."

Mayi Salali anapereka khasu, anapereka chipande, mtima uli pamanda paja. Mlembi wa a Kaputeni anapukusa mutu: pangano linati nkhwangwa.

A Kaputeni anapukuta msozi n'kutembenukira kwa mlembiyo. "Lemba kuti anthu awa tawapempha katatu, akana kukwirira nkhwangwa. Akufuna nkhondo."

Dzuwa lisanapendeke, asilikali anali atawatulutsa onse m'chigwamo. Mayi Salali anapita akulira, mbewu ili m'dengu, manda atatsala m'munda wa eni ake atsopano.

Chaka chomwecho a Kaputeni anavekedwa mendulo yaulemu, chifukwa chogonjetsa mtundu woopsa umene unakana kutula zida.