Tsiku Limene Pulofesa Anakhala Pansi

Mukadzamva anthu a pa Khonjeni akunditchula kuti "a Pulofesa", musayese ulemu. Dzinali limandiwawa mpaka lero.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi. Lamulungu masana anthu othyola tiyi ankasonkhana kuseri kwa tiyirumu kutchova njuga ya twente-wanu, ija mumapempha makadi kuti muyandikire 21 koma osapyola. Ine, mwana wa m'banja la Sabata, makadi sindinkawagwira (manja anali oyera, pakamwa pokha ndi pamene pankachimwa). Ndinkangozungulira kumbuyo kwa osewera ngati kapitawo m'munda, n'kumagawa nzeru: "Apa mukanaima." "Apa mukanapempha lina." Sindinkaphonya, ndipo ndinkadzimva kuti ndine katswiri.

Tsiku lina njuga inawavuta alamu anga a Makwinja, amuna awo a mlongo wanga. Atatha zonse za m'thumba anaikapo njinga, yomwe mlongo wangayo ankanyamulira nthochi popita kumsika. Kenaka ananditembenukira.

"Alamu, inu ndi ekisipati. Takhalani apa munditetezere njingayi."

"Ine sindisewera, ndimangounika."

"Nanga wounika ndi wosewera si chimodzimodzi?"

Gulu lonse linakuwa kuti Pulofesa akhale, ndipo mutu unandikula. Ndinapinda malaya n'kukhala pa njerwa.

Abale, palibe amene anandiuzapo kuti ukakhala pansi umaona makadi ako okha! Ukatswiri wanga wonse unkachokera pa kusuzumira m'manja mwa aliyense, komanso kulankhula khadi litagwa kale. Ndinayesa kusolola khosi kumanzere.

"Maso kwanu, bambo!" anandikalipira wogawa makadi.

M'manja ndinali ndi teni ndi sikisi. Kuima kapena kupempha? Ndinacheuka kufuna munthu wondiunikira, n'kupeza alamu okha, maso ali pa njinga.

"Alamu, ndipemphe?" ndinanong'ona.

"Mukufunsa ine? Ine ndiye ndakuitanani!"

Ndinatsokomola mwaulemu, ndinagwedeza mutu ngati ndawerengetsera zakuya, n'kunena kuti, "Lina." Linabwera teni. Ndinapyola, ndipo wogawa uja anaimirira n'kuyamba kuliza belu la njingayo.

Kumbuyo kwanga kunamveka mawu odekha, otsanzira anga enieni: "Apa mukanaima." Anali alamu.

Tinabwerera kunyumba wapansi. Mlongo wanga atamva nkhaniyi sanakalipe, zomwe zinandipweteka koposa. Anangofunsa kuti, "Achimwene, paja inu makadi simugwira?" M'mawa mwake anandisenzetsa dengu la nthochi, ndipo ndinadutsa nalo pa tiyirumu pomwe paja anthu akundipatsa moni wa upulofesa.

Makadi sindinawagwirenso. Masiku ano ndimaunika mpira, ndipo kumeneko ndimadziwa kwambiri. Chachikulu n'chakuti palibe amene wandipemphapo kuti ndilowe m'bwalo.