Tsiku Limene Ndinagulitsa Alamu Anga ku Zisudzo

Alamu anga a Jafali anandikhululukira kalekale, koma mpaka lero tikakumana pa ukwati kapena pa sadaka amayamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Ndiye kuli bwino nkhaniyi muimve kwa mwiniwakene, chifukwa iwo akamaifotokoza amathira mchere wambiri.

Zinachitika matipate atangoyamba kumene. Ine ndinkagula usipa wouma kwathu ku Liwaladzi n'kumakagulitsa ku Limbe, ndipo ndinkafikira kwa achemwali anga ku Bangwe. Amuna awo, a Jafaliwo, anali mphunzitsi, munthu wokonda za m'tauni. Lamlungu lina katundu atandithera, iwo anati, "Alamu, lero simugona masana. Tiyeni mukaone zimene ufulu watibweretsera."

Tinayambira m'nyumba ina yoonetseramo zojambula. Ine ndinkayembekezera kuona njovu ndi mabwato, zija amagulitsa kwa azungu m'mbali mwa msewu. Koma chithunzi choyamba chinali cha munthu atamukhoma loko pakamwa. Chachiwiri chinali cha ng'ona itavala suti ndi tayi.

"Alamu," ndinanong'ona, "amene anajambula izi akadali moyo?"

"Lankhulani mokweza, inu. Zija zinatha."

Zinatha bwanji pomwe kumbuyo kwathu kunali bambo wa magalasi akuda, tikasuntha nayenso n'kusuntha? Kwathu munthu wotere tinkaidziwa ntchito yake. Atandiyandikira anafunsa, "Achimwene, ng'onayi mukuiona bwanji?"

"Ine sindiona bwino, bambo. Maso angawa ndi ang'ala." (Chonsecho maso omwewa ankazindikira basi yakwathu isanawoloke n'komwe mlatho wa Bua.)

Bamboyo anachoka nkhope itagwa. Alamu anandiuza pambuyo pake kuti ameneyo ndiye anali wojambulayo, ankangofuna kumva maganizo a anthu. Munthu wanzeru akanachenjerera pomwepo. Ine ayi.

Chakumasana tinalowa m'holo ya zisudzo. Ine zisudzo ndinkazidziwa za pa wailesi ndi za ana asukulu basi. Seweroli linali la banja lina limene bambo ake aboma anawatenga osauzidwa chifukwa, ndipo mtsikana amene ankasewera ngati mkazi wawo ankalira mpaka ine kuiwala kuti ndakhala pampando wolipira. Mwadzidzidzi kumbuyo kwathu kunamveka mawezulo, zitseko kuti pha! Analowa anyamata ovala malaya ofiira, ndodo zili m'manja.

"Makhadi! Aliyense khadi la chipani m'manja!"

Amene simunaione nthawi imeneyo simungamvetse. Mawu amenewo tinkawamva pamsika, pokwera basi, ngakhale pakhomo la chipatala. Mutu wanga unkadziwa kuti boma linasintha, ndinavota ndi chala changachi, koma maondo anali asanauzidwe. Ndinali nditakhala kumapeto kwa mzere. Mmodzi wa anyamatawo anaima pa ine, n'kundiloza ndi ndodo.

"Iwe, khadi lako lili kuti?"

Ndinangozindikira ndagwada, chisoti chili m'manja.

"Bwana, ine ndine mlendo, wogulitsa usipa. Sindimadziwa kuti muno muli zonyoza boma. Andibweretsa ndi awa." Chala changa chinali chitaloza kale alamu anga. "Ndi aphunzitsi, amakhala ku Bangwe."

(Inde, ndinatchula ndi komwe amakhala. Palibe anandifunsa.)

Holo yonse inafa nacho chiseko, ena kuwomba m'manja poganiza kuti nanenso ndine wa m'seweromo. Mnyamata uja analuma milomo, n'kuwerama ngati akundikalipira. "Bambo, dzukani, ndi sewero," ananong'ona. Koma poti sewero silingaime, anagwira a Jafali pa lamba n'kuwakokera kutsogolo. Alamu anga anakakhala m'ndende ya makatoni, tayi atakhota, anthu akuwakuwiza kuti, "Aphunzitsi a ku Bangwe!"

Ndinabwerera pampando ndikulakalaka nthaka itang'ambika. Ndi pomwe ndinaona kuti mayi wina wachikulire amene anakhala kutsogolo kwanga sankaseka. Dzanja lawo linali pa mfundo ya chitenje, muja amayi ankamangiramo khadi. Anatembenuka n'kunena chapansipansi, "Musachite manyazi, mwana wanga. Nanenso ndinayamba kumasula mfundoyi."

M'minibasi pobwerera, a Jafali anaseka mpaka misozi. Tikuyandikira Bangwe, chiseko chinawathera, n'kuyang'ana pawindo.

"Alamu," anatero, "ikanakhala nthawi ija, bwenzi achemwali anu ali namfedwa wa mwamuna wamoyo. Ndipotu sanakumenyeni n'komwe."

Ndinkadziona ngati munthu wolimba mtima chifukwa choti palibe anali atandilozapo ndodo.

Ku Liwaladzi kuli mkulu wina, a Sudi, amene nthawi ya chipani chimodzi anatchula dzina la amalume anga atapanikizidwa, amalumewo n'kukakhala m'ndende osazengedwa mlandu. Zaka zonsezo ndinali ndisanawagwirepo chanza; akatulukira uku, ine ndinkalowera uko. Lachisanu lotsatira, titatuluka mu mzikiti, ndinawatsata n'kuwapatsa salamu. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanatambasule dzanja.

"Kwagwanji, mwana wa achimwene?"

"Palibe, bambo. Ndangobwera kumene kuchokera ku Blantyre."

Sindikunena kuti zimene anachitazo zinali zabwino. Ndikungoti kuyambira tsiku limenelo ndimachedwa kuweruza munthu amene analankhula ali chogwada.

Koma musaganize kuti ndinasanduka ngwazi. Zisudzo ndinazikonda ndipo ndimapitabe ndikafika m'tauni, kungoti ndimakhala pakati penipeni pa mzere, ndipo sinditengana ndi wachibale.