Gauni ya Misozi m'masipoko a njinga

Ndikulemba izi kuti choona chidziwike, chifukwa kumsika wa Kapata akukamba kuti ndinagwera m'ngalande miyendo ili m'mwamba. Sindinagwe ayi. Ndinangotsika mofulumira.

Ine ndine munthu wa mapepala. M'sutikesi yanga muli chilichonse: lipoti la Sitandade Sikisi, kalata yondilemba ntchito yotaipa ku ofesi ya boma, ngakhale khadi la sikelo la mwana wanga amene lero ndi mphunzitsi wa imvi. Amayi athu ankasaina ndi chala. Mkazi woyamba kulandira satifiketi m'banja mwathu ndine, ndipo inabwera pa positi mu envulopu ya khaki, itapindidwa pakati. Panalibe nthungululu, panalibe gauni. Amayi anaiyang'ana chozondotsa, kenaka anandituma kumadzi.

Tsono mdzukulu wanga Misozi, mwana wa mphunzitsi uja, anamaliza maphunziro a unamwino. Mwambo wawo unali Lachisanu. Gauni yobwereka anakaitenga kukoleji Lachitatu n'kudzaisungitsa kwa ine, poti kwawo kuli ana ogwiragwira. Anandisiyiranso fomu yake, ndipo ndinaiwerenga kawiri. Ndime yachinayi inati gauni ikabwerera yong'ambika, satifiketi imagwidwa mpaka nkhaniyo ithe. Misozi ankafunika kukaionetsa Lolemba kuchipatala kumene anamuitanira ntchito.

Lachinayi m'mawa ndinatsegula wadiropu kuti ndione ngati njenjete sizinafikeko. (Njenjete zimagwira ntchito mwachangu, musaseke.) Gauniyo ndinaigwira. Ndinaiyesa paphewa limodzi, kenaka lachiwiri. Nditaika chipewa cha makona anayi chija n'kuima pagalasi, mtima unandiwawa. Zaka zonse zija ndikukonzera sipelo mabwana amene ankalandira ulemu ndi makalata anga, palibe anandivekapo chinthu chotere. Lero chivalidwe ndi kamwana kamene ndinakaphunzitsa ndine kugwira pensulo?

Ndinaganiza zongojambulitsa chithunzi chimodzi, changachanga, choika m'sutikesi. Gauniyo ndinaipinda bwino m'chitenje n'kupita kwa wojambula m'tauni. Bamboyo atandiona nditavala, satifiketi yanga ya taipi ili m'manja, anandifunsa kuti ndamaliza maphunziro anji. Ndinamuyankha kuti ambiri.

Apa m'pamene ndinayenera kuvula. Koma ndinadziuza kuti kupindapinda kumaononga nsalu, choncho ndinatuluka nditavala.

Amayi ogulitsa tomato anaimba nthungululu. Kondakitala wa minibasi anafuula kuti adokotala adutse. Mayi wina anakoka mwana wake wamkazi n'kundiloza, akumuuza kuti sukulu ilibe msinkhu. Sindinatsutse aliyense, poti palibe anandifunsa mwalamulo. Msika ndinauzungulira kawiri, ndipo ndinadutsanso pang'onopang'ono kutsogolo kwa ofesi yanga yakale. (Mlonda ndi watsopano, sanandidziwe. Ntchito za masiku ano.)

Maondo atayamba kudandaula, ndinakwera njinga ya hayala. Mwini wake anandichenjeza kuti ndikwinyire nsaluyo pamiyendo. Ndinamuuza kuti ndinayamba kukwera njinga iye asanabadwe. Kunena zoona, dzanja limodzi linagwira chipewa, linalo linali kubayibitsa anthu. Titafika potsetsereka ndinangomva china chikundikoka pakhosi, kenaka kwee! Njinga inaima yokha, ndipo ine ndinatsika monga ndafotokozera kale.

Gauni inali itang'ambika kuyambira kumpendero mpaka m'chiuno, girisi ali bii. Anthu amene ankanditcha adokotala anayamba kufunsana ngati aitane dokotala weniweni. Ine m'mutu munali ndime yachinayi yokha, ndi nkhope ya Misozi.

M'Chipata monse munthu amene akanabisa bala lotero ndi mmodzi: mng'ono wanga Velenasi, telala wa pakhonde la sitolo ku Down Shops. Velenasi makolo athu anamusiyitsa sukulu ali Sitandade Thu kuti azilera ana kunyumba, chaka chimene ine ndinapita kusukulu yogonera komweko. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumukumbutsa, mwachikondi, kuti makina anga anali a mu ofesi pamene ake ndi a pakhonde.

Sanaseke, ndipo kusasekako kunandipweteka koposa. Anatembenuza nsaluyo, anainunkhiza, n'kufunsa chimene chachitika. Ndinati mwina njenjete.

"Njenjete zoyenda ndi girisi, asisi?"

Anaiyala nsaluyo pamiyendo pake n'kupitiriza:

"Ndisoka, ndipo ngakhale a kukoleji atabwera ndi tochi sadzapaona. Koma ndikamaliza, nanenso ndikajambulitsa."

Ndinamuuza kuti gauni si chitenje, imavalidwa ndi anthu a satifiketi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Inu munapita kusukulu chifukwa ine ndinatsala ndi mwana kumsana. Mphindi khumi zokha, asisi. Apo ayi, kasokeni ndi taipi yanu."

Anachotsa girisi ndi sopo ndi kamswachi, anabisa msoko mkati mwa khwinya, anasita. Ndinafufuza nditavala magalasi awiri, anga ndi ake, osapaona. Tinayenda wapansi mpaka kwa wojambula uja, gauni ndikunyamula ine ngati wantchito wake.

Lachisanu Misozi anayenda bwinobwino kutsogolo kwa anthu, ine ndikutuluka thukuta nthawi iliyonse akatembenuka. Gauni inalandiridwa popanda funso, ndipo Lolemba anayamba ntchito.

Nkhani ikanathera pomwepo, koma Velenasi anakapachika chithunzi chake pamwamba pa makina. Waima chilili, chibwano m'mwamba, ngati woweruza milandu. Makasitomala akumutcha aprofesa, iye n'kumavomera. Changa chinatuluka maso nditatsinzina, chingwe cha chipewa chili pamphuno, satifiketi nditaigwira chozondotsa.

Misozi atachiona chithunzicho pakhonde paja, Velenasi anamufotokozera zonse, n'kuonjezamo ngalande. Mwanayo anaseka mpaka kukhala pansi. Kenaka anabwera kwathu, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ambuya, mukanangondipempha, bwenzi nditakuvekani ndekha." Ndinatsala pang'ono kulira, mpaka pamene anandiuza kuti wapempha kope la chithunzi kuti akapachike kuchipinda kwake. Cha Velenasi.

Mwana wanga, mphunzitsi uja, akuti ndiyenera kuti ndaphunzirapo kanthu pa za nsanje. Chimene ndaona ine n'chakuti tinavala gauni imodzi, tsiku limodzi, kwa wojambula mmodzi, koma munthu wa Sitandade Thu anapatsidwa mpata wojambulidwa katatu, ine kamodzi. Ndamulembera kalata wojambulayo, yotaipa, makope awiri, kuti afotokoze. Mpaka lero sanayankhe.