Fulashi Yanga Yodzutsa Akufa

Amene akukayika aimirire ndimuone nkhope! Ine Jafali wa pa Mandimba pano ndinadzutsapo kompyuta yakufa, ndikulumbira pali malemu mayi anga.

Inali ya akazi anga, ndipo m'mimba mwake munali zithunzi zonse za ukwati wa mwana wathu Amina, kwina kulikonse kunalibe. Asewere athu a ku Ngauma anali atatuma mawu kuti akubwera kudzaziona. Kuiyatsa, mdima bii! Akazi angawo misozi chuchuchu. Ndinati, "Tontholani amayi, mwamuna alipo."

Mankhwala ake ndi fulashi, koma osati ya nyimbo ayi: umaikamo sisitemu yatsopano kuti kompyuta podzuka iyambire pa iyoyo. Netiweki ya kuno inali yoonda, ndiye ndinakwera mumtengo wa mango foni ili m'mwamba, sisitemu ikutsika dontho limodzilimodzi mpaka mtengo unachita maluwa, kubereka, mango kupsa, ine ndikudya ndili momwemo, ndipo fulashi itadzaza inalemera moti inaboola thumba n'kuswa mwala pansi, amuna anayi ndi amene anaikweza pa chapa, minibasi ya kuno, matayala onse n'kuphwa. Mukumva? Ndinakaiyesa kaye ku Cuamba, kungoikhudzitsa mutu wa sitima womwe unafa nthawi ya nkhondo, unatsokomola kawiri n'kuthawira ku Nacala wopanda woyendetsa, nayo nkhuku yomwe mayi wina ankasosola pa siteshoni inadumpha n'kuyamba kutetera ili maliseche!

Pobwerera ndinapeza asewere atakhala kale pamphasa. Ndinabaya fulashi pa kompyuta ija, kuyatsa, n'kumenya batani la F12 mpaka chala chinafuka utsi, n'kuilamula kuti iyambire pa fulashi. Kuwala ngwee! Nthungululu mudzi wonse. Kenaka inandifunsa mwaulemu kuti, kodi ndifufute zakale zonse? Maso a anthu onse ali pa ine. Tsono mwamuna ngati ine n'kuyankha kuti ayi pamaso pa asewere, ngati ndikuopa makina? Ndinadina inde.

Inadzukadi, koma ngati khanda: yosadziwa Amina, mkamwini, ngakhale mbuzi imene tinapha. Asewere anakwera njinga zawo osatsanzika. Akazi anga sanalire, anangonditulutsira bulangete panja. Zimandiwawa, sindibisa, chaka chachitatu chino ndikugona kukhitchini.

Koma pitani mukaiyatse nokha. Imayaka!