A Khutu ndi Kompyuta Yoliza Mkonono

Malume anga sankagula chinthu asanachimvetsere. Ena amagula ndi maso, iwo ankagula ndi khutu, n'chifukwa chake msewu wathu wonse unkangowatchula kuti a Khutu. Ntchito yawo inali yokonza mawotchi pakhonde la sitolo ina, ndipo zaka makumi atatu zoika wotchi pakhutu zinawasiya akukhulupirira kuti chinthu chilichonse chimaulula matenda ake ukachitchera khutu. Ndowa ankaigogoda. Babu ankaligwedeza. Filiji anaibweza tsiku lomwe anaigula, ati imaliza mkonono ngati mlonda. Ngakhale azakhali, akazi awo, ankati anawasankha chifukwa pa atsikana onse ndi okhawo amene ankatseka chitseko osachimenyetsa.

Analinso ndi gitala, ndi nyimbo khumi ndi ziwiri zopeka okha, zomwe ankaimba motsitsa mawu ngati akuopa kudzutsa khanda. Ndiye adokotala anawapeza ndi chotupa pakhosi. Anawauza mosabisa kuti opaleshoni ichitika pakatha masabata atatu, ndipo mawu awo sadzabwereranso. Malume anandiitanitsa ine, poti ndimagwira ntchito yotaipa ndi kusindikiza makalata, ndipo kwathu aliyense wodziwa kuyatsa kompyuta ndi injiniya basi. Anati akufuna kasitudiyo m'chipinda chawo chosungira katundu, ajambule nyimbo zonse, azakhali adzakhale ndi chomvera. Ine ndinadziguguda pachifuwa kuti zimenezo n'zazing'ono.

Tinapita kusitolo yogulitsa makompyuta ogwirapo kale ntchito. Tisanapatsidwe n'komwe moni, malume anasolola kapaipi kapulasitiki m'jekete, mbali ina pakhutu, mbali ina pakompyuta, n'kuyamba kuyeza imodziimodzi ngati ana kusikelo. Anapempha wogulitsa kuti azimitse wailesi. Anapempha mayi wina kuti asiye kaye kutafuna chingamu. Anthu anayamba kuseka, wina anatulutsa foni kuti awajambule, ndipo wogulitsa uja anandinong'oneza kuti kodi madalawa ndi anu? Abale, ndinena zoona ngakhale zikundiwawa. Ndinayankha kuti ayi, tangokumana pakhomo.

Mapeto ake anaima pa kalaputopu kotuwa, kokandikakandika, kamene kanali pakona ngati kamwana kamasiye.

"Aka, mphwanga. Kakupuma ngati munthu wopanda mlandu."

"Malume, nyimbo zimafuna mphamvu. Titenge iyi."

Ine ndinali nditakola kale maso pa chikompyuta chakuda, chothamanga, cha timagetsi tobiriwira m'mbali. Anachimvetsera pang'ono n'kuchita tsinya.

"Ikulira imeneyi."

"Kompyuta si wotchi, malume."

Ndinanena mokweza, kuti anthu aja amve kuti pali wophunzira. Tinagula yakuda ija. Iwo anangopinda kapaipi kawo n'kukabweza m'thumba.

Pa nkhani ya pulogalamu yojambulira mawu ndiye ndinaonjeza ukatswiri. Iwo ankafuna ya batani limodzi lofiira: ukadina yayamba, ukadinanso yasiya. Yoteroyo inalipo, yaulere, koma ine ndinati imeneyo ndi ya ana asukulu. Ndinaikamo ina ya mabatani ochuluka kuposa nyerere pa shuga. Sabata yonse yoyamba inathera pa ine kufufuza pamene mawu akulowera, malume ali phee pampando, gitala pamwendo, akudikira injiniya wawo.

Tsiku limene mawu analowa, analowa ndi mnzake. Titavala mahedifoni tinamva fuuuu, ngati munthu akuimba pafupi ndi chigayo. Fani ya chikompyuta chija inkakwiya kwambiri pulogalamu yanga ikayamba ntchito, ndipo maikolofoni inkatola mkwiyo wonsewo, mawu a malume n'kumamveka chapansipansi. Tinachilowetsa mu wadiropu, koma waya wa maikolofoni unali waufupi moti malume ankaimba mutu uli pakati pa madiresi a azakhali. Tinachifunditsa mabulangete awiri, chinatentha n'kuzima pakati pa nyimbo yachisanu ndi chiwiri, chipinda chonse kununkha ngati simbi yoiwalika pamalaya. Tinachitulutsa pawindo, tambala wa aneba anakwera pamwamba pake n'kuimba nawo. Titabwerera kusitolo kuja, kalaputopu kotuwa kanali katagulidwa.

Kawiri konse malume anapempha kuti angochitsegula aone. Kawiri konse ndinakana, ndinati akang'amba kapepala kachidindo kali pa sikuluwu, wogulitsa sadzachilandiranso. Masiku anatha. Tsiku lomaliza anaimba nyimbo zonse khumi ndi ziwiri, chigayo chili mkati, n'kupachika gitala pamsomali.

Ali kuchipatala ndinayesa kuchotsa phokosolo ndi pulogalamu ina. Linachokadi, koma linapita ndi theka la mawu awo, otsalawo ankamveka ngati munthu akuimba mutu uli mu ndowa. Azakhali atamva anati ndibwezere mmene zinalili, bola amuna awo ali pachigayo kusiyana ndi mlendo wa mu ndowa.

Atatuluka m'chipatala ankalankhula polemba pa timapepala. Tsiku lina ndinapita kukapepesa, mawu nditawakonza bwinobwino m'njira. Ndinawapeza chikompyuta chili chagada patebulo, kagalasi kawo kokonzera mawotchi kali padiso. Anawongola kanthu kena ndi kachitsulo kopanira, anadonthezera kadontho kamodzi ka mafuta, anatseka, anayatsa. Zii. Ndinachita kusuzumira timagetsi tija kuti ndikhulupirire kuti chayaka. Sipanathe mphindi khumi.

Anandikankhira kapepala: "Phiko limodzi la fani linali lopindika. Ndinamva tili m'sitolo muja." Ndisanatsegule pakamwa analembanso kena: "Ndinamvanso kuti tinangokumana pakhomo."

Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowemo. Iwo ankaseka, kuseka kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka, mpaka misozi. Kenaka anandikoka khutu pang'ono monga ankachitira ndili mwana, n'kundilozera ketulo kuti nditereke madzi.

Anakhala nafe chaka chimodzi chokha, kenaka anatisiya. Pakhonde paja tsopano pali wogulitsa makava a foni, ndipo mumsewu mwathu anthu akungogula zinthu ndi maso, mafiliji akuliza mkonono nyumba ndi nyumba popanda wowadzudzula. Chikompyuta chija chidakali m'chipinda chosungira katundu, ndipo mpaka lero chimayaka mwakachetechete, kungoti palibe woti chimujambule. Lamlungu masana azakhali amaika nyimbo zija. Mlendo akafunsa kuti kodi chikufuula kumbuyoko n'chiyani, iwo amayankha mosaipidwa kuti oimbawo ndi amuna awo, winayo ndi mphwawo. Ine ndimakhala ndili pomwepo, ndipo sindikana.