Nkhondo ya Muzu wa Kanachesi ka Che Shafi

M'masiku amene njinga zamoto zinalanda ufumu wa akabaza pamsewu wa ku Makokola, kunali ngwazi, Che Shafi, Mnyamula Ndowa, Mkamwini Wogona Khutu Lili Panja, amene m'mawa uliwonse asanasukusule ankatukula ndowa yake n'kuisuzumira kunsi. M'ndowamo munali kamtengo ka manachesi kolekeza m'chiuno, kokongoletsera pakhomo, kamene anapatsidwa kuhotela komwe ankatchetcha kapinga. Lamulo la chikamwini ankalidziwa: chazika mizu m'dothi la apongozi n'cha apongozi. Nyumba inali ya mkazi wake Safia, nkhuku za Safia, mpando womwe. Chake chinali kamtengoko basi.

Koma malungo anaigwetsa ngwaziyo mvula ili pakati, ndipo muzu umodzi wosakhulupirika unatulukira pabowo la ndowa n'kulowa m'nthaka ya apongozi ake, Abiti Ayub, Mwini Dothi, Namondwe wa Pakhonde. Che Shafi atachira anakoka ndowa. Ndowa inakana.

Nkhondo inamenyedwa mwaulemu wonse, pakuti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Anafulatirana, wina kuyang'ana kunyanja, wina kuphiri, Safia ali pakati.

"Uwauze amuna akowo," anatero Abiti Ayub, "kuti mtengo wasankha wokha kwawo. Wadya dothi la amayi anga. Ndowayo atenge, zilipo zanga."

"Muwauze amayi," anayankha Che Shafi, "kuti muzu umodzi si mtengo. Ine phazi langa lili m'dothi lomweli zaka zonsezi, kodi ndine wawo?"

"Uwafunse kuti nanga ndi a yani."

Anaitanidwa amalume a Safia, Odula Milandu, amene anagwada, nasuzumira kunsi kwa ndowa, nagamula kuti zipatso zizigawidwa pakati. Kenaka analawa kamodzi, nkhope inakwinyika ngati usipa wouma, ndipo anati iwo mlanduwu autulukamo.

Pamenepo Safia, amene nsomba zake zinkazingwa ndi ntchentche pathandala, anatenga mpeni wotumbulira chambo, anagona chamimba, nadula. Muzuwo anaupereka kwa amayi ake pambale ya alendo, ndi manja awiri. Abiti Ayub anaulandira ndi nthungululu nalengeza kuti apambana. Che Shafi anakumbatira ndowa nalengeza chimodzimodzi. Magulu onse awiri anamwa tiyi wofinyiramo tinachesi, misozi ili mbwembwembwe, popanda wovomera kuti akuwawasa.

Makapu asanatsukidwe Safia anali atalonga chikwama.

"Tikachita lendi kuboma," anatero, "nyumba ya simenti mpaka pabwalo. Ndowayo musenza nokha."