Bondo Langa ndi Ndodo ya Beni

Amene akuti ndikunama abwere adzagwire bondo ili, koma ayambe wasamba m'manja! Komboni yonse ya Maglas yandigonthetsa m'kutu ndi bondo la a Mbewe. Akuti kamnofu kolimba ka pakati pa mafupa, kaja timatafuna pa mwendo wa nkhuku, kanang'ambika potsika kombi, minibasi ija, ndiye madokotala ku Gweru anaboola timabowo tiwiri, n'kulowetsa kamera, n'kusoka. Timabowo tiwiri! Basi pa chimenecho mukufuna kundilanda ndodo yotsogolera gule wathu wa Beni, imene ndaigwira ena a inu musanamere mano, mukapatse a Mbewe chifukwa ayamba kunjanja ngati mbuzi yomasulidwa pachingwe?

Langa linang'ambikira pansi pa mgodi wa asibesitosi, shamwari, anzanga inu, pansi penipeni pamene tinkamva atambala a kuseri kwa dziko akulira. Ngolo yodzaza miyala inadula unyolo n'kumabwera, ine manja onse ali pa chikho cha mahewu, ndiye ndinangoitchinga ndi bondo, bondolo n'kulira kuti phwa, nyali zonse n'kuzima, kapitawo kumtunda n'kumakalipa kuti taphulitsa miyala osamuuza. Mukumva? Ndinakhala pansi, n'kutsegula bondo ndi mpeni wodulira fodya, kamnofuko n'kukatulutsa, n'kukatsuka m'mahewu momwemo, n'kukasoka ndi waya wophulitsira miyala, pamene panaperewera n'kuikapo chigamba cha lamba wonyamula miyala, n'kupaka girisi, n'kutseka. Mankhwala ogonetsa? Fodya wamphuno, kamodzi kokha! Ntchito ndinaimaliza, ndipo poti chikepe chinali chitafa ndinakwera makwerero ndi mwendo umodzi, anthu atatu ali kumsana, wachinayi atagwira lamba wa buluku. Ndikanama, agogo anga adzuke ku Dedza adzandimenye.

A Mbewe milungu isanu ndi umodzi ali pa ndodo zachipatala, nesi akuwaphunzitsa kupinda mwendo ngati khanda, azimayi a mpingo ali pamzere ndi malalanje. Ine ndani anandibweretsera lalanje, ngakhale lowola? Zimandiwawa, sindibisa. Koma Loweruka la sabata yomwe ndinavulalayo ndinapita wapansi ku Mtapa, komboni ya ku Gweru, poti basi inkandichedwetsa, n'kuvina Beni mpaka fumbi linaphimba Gweru yense, sitima n'kuima, oyendetsa ake n'kutsika kudzaomba m'manja. Mpaka lero mvula ikamabwera waya uja amakoka wayilesi ya kumudzi. Mukaika khutu apa mumva uthenga wa maliro.

Tsono mwati Lamulungu tikaonetse mwambo pabwalo: wotsogolera atsike mpaka pansi, ndodo ili m'mwamba, adzuke osagwira dothi, wolephera apereke ndodo. Zvakanaka, zili bwino! Ine kutsika sikunandivutepo. Taonani, ndatsika apa pomwe. A Mbewe angafike pamenepa ndi timabowo tawoto?

Mukuseka chiyani? Ndikupuma chabe. Dothi lino ndimalidziwa, ndalikumba moyo wanga wonse.

Chabwino, a Phiri, tandipatsani dzanja. Manja onse awiri. Pang'onopang'ono, mudhara, nkhalamba inzanga, waya uja wachita dzimbiri. Ndipo mukakumana ndi a Mbewe, muwafunse dzina la dokotala wawo uja. Munene kuti ndi za m'bale wanu wa ku Kwekwe.